MADZI AKAPHWERA: KAKONZEDWE KA NYUMBA YOMWE INALOWA MADZI OSEFUKIRA

Amayi, phunziro lathu la lero pano pa sikelo likunena za ntchito imene imatsala madzi osefukira akachoka m'nyumba. Ambiri a inu munaziona zinthu zimenezi ndi maso anu. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi maboma ena. Mu Malichi 2019 kunagwa mvula ya namondwe Idai, mu Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula nyumba ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'chigwa cha Shire. Pa ngozi ya Freddy anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa.

Tsiku limene madzi aphwera, mtima wa mayi umafuna kubwerera kunyumba msanga, kuyala mphasa ndi kuphikira ana. Koma tiyenera kudziwa kuti madzi akapita, matenda amatsala. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022, patangopita nthawi yochepa chichitikireni namondwe Ana, unafika m'maboma onse a dziko lino ndi kupha anthu oposa 1,700. Mwana wosakwana zaka zisanu ndiye amene ali pangozi yaikulu, chifukwa amakwawa pansi, amagwira chilichonse, ndipo chimene wagwira amachiika m'kamwa.

1. MADZI OSEFUKIRA SI MADZI A MVULA CHABE

Madzi amene analowa m'nyumba mwanu anadutsa m'zimbudzi zodzaza ndi zogwa, m'makola a ziweto, m'maenje a zinyalala ndi m'minda yothiridwa mankhwala. Matope amene atsala pansi ndi m'zipupa ali ndi tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba, kamwazi, kolera ndi njoka za m'mimba. Tizilomboti sitioneka ndi maso. Choncho chinthu chilichonse chimene madziwo anachikhudza tichitenge ngati chakhudzana ndi chimbudzi, ngakhale chikuoneka choyera.

2. MUSANALOWE M'NYUMBA

Ana aang'ono muwasiye kwa abale kapena kumalo kumene munathawira kufikira ntchito yoyeretsa itatha. Mayi woyembekezera ndi munthu wodwala mphumu asagwire nawo ntchitoyi.

Yambani mwazungulira nyumba kunja. Chipupa cha zidina kapena cha njerwa zomangira dothi chikamwa madzi chimafooka kunsi, ndipo chingathe kugwa patapita masiku mvula italeka. Mukaona ming'alu yatsopano, chipupa chopendekeka kapena denga lotsika, musagonemo mpaka mmisiri ataona. Ngati nyumba ili ndi magetsi, azimitsidwe pa swichi yaikulu, koma munthu asakhudze swichiyo ataima m'madzi kapena ali ndi manja onyowa. Asayatsidwenso kufikira wodziwa za magetsi atayendera mawaya. Gwiritsani ntchito ndodo posuntha katundu, pakuti njoka ndi zinkhanira nazonso zimathawira m'nyumba. Valani nsapato, makamaka majombo, ndipo manja muwaveke magolovesi kapena mapepala a pulasitiki. Bala lililonse limangidwe bwino lisanakhudze matope.

3. NTCHITO ZINAYI, NDIPO ILIYONSE PA NTHAWI YAKE

M'mizinda ikuluikulu muli makampani amene ntchito yawo ndi kukonza nyumba, masitolo ndi mafakitale olowa madzi. Iwo ali ndi mapampu opopera madzi, makina oulutsa mphepo, makina okoka chinyontho mu mpweya, ndi zipangizo zoyezera ngati chipupa chauma mkati. Ife tilibe makina otere, koma ndondomeko yawo ndi yomweyi imene mayi aliyense angathe kuitsata: kuchotsa madzi ndi matope, kutsuka ndi sopo, kupha tizilombo, ndi kuumitsa.

Choyamba, tulutsani katundu yense panja, ndipo kokolani matope asanaume, pakuti akauma amalimba ndi kusanduka fumbi limene ana adzapuma. Matopewo akatayidwe kutali ndi chitsime ndi pabwalo posewerera ana.

Chachiwiri, tsukani pansi pa simenti, zitseko, mipando ndi mabedi ndi madzi a sopo, mukukwecha ndi bulashi kapena chisaka.

Chachitatu, pukutani malo onsewo ndi madzi a kolorini. Ngati muli ndi Jik, sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu 16 a madzi. Ngati alangizi a zaumoyo akugawa kolorini m'mudzi, tsatani muyezo umene iwo akuuzani. Malowo akhale onyowa ndi mankhwalawa kwa mphindi khumi. Musasakanize kolorini ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi, chifukwa zimatulutsa mpweya wopweteka mapapo. Botolo lake likhale pamwamba posafika mwana, ndipo musathire mankhwalawa m'botolo la zakumwa.

Ngati pansi ndi pozira, palani dothi lapamwamba limene linamwa madzi, mulitaye, mudikire paume, ndipo muzirenso ndi dothi lochokera kumtunda kumene madzi sanafike.

Chachinayi, umitsani. Tsekulani zitseko ndi mawindo tsiku lonse. Chinthu chikakhala chonyowa tsiku limodzi kapena awiri chimayamba kumera nkhungu, ndipo mwana wogona m'chipinda cha nkhungu amavutika ndi chifuwa, chimfine ndi kubanika. Musafulumire kupaka njereza kapena penti pa chipupa chonyowa, chifukwa mumangotsekera chinyontho mkati. Chenjezo lalikulu ndi ili: musaike mbaula m'chipinda chotseka pofuna kuchiumitsa kapena kufunditsa ana. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo.

4. PHUNZIRO LOCHOKERA KU MAKINA OTSUKIRA ZIDA

Mwina mungafunse kuti, bwanji osangothira kolorini pamatopepo ndi kuthana nazo? Yankho tilipeza poona mmene zida zimatsukidwira m'zipatala zina zikuluzikulu, kwa madokotala a mano, kwa okonza mawotchi ndi m'mafakitale.

Kumeneko kuli makina otchedwa ultrasonic. Makinawa ali ngati beseni lachitsulo lodzaza madzi ndi sopo wake. Kunsi kwa besenilo kuli kachipangizo kamene kamanjenjemeretsa madzi mofulumira kwambiri, kawirikawiri ka 40,000 pa sekondi imodzi. Khutu la munthu limalekeza kumva pa 20,000. Kunjenjemeraku kumapanga tithovu tating'ono kwambiri tosawerengeka, timene timaphulika nthawi yomweyo ndi kusendeza litsiro lobisala m'ming'alu, m'mano a sizasi ndi m'timabowo momwe bulashi singafike. Fakitale ikalowa madzi, amisiri amamasula zitsulo za makina ndi tizipangizo ta magetsi ndi kuzitsuka mwa njira imeneyi kuti zisachite dzimbiri.

Koma taonani ichi. Ngakhale makina odula chotere amangochotsa litsiro, sapha tizilombo tonse. Zida za chipatala zikatuluka mmenemo zimakalowanso mu mphika wa nthunzi yotentha kwambiri. Ndipo sayamba ndi nthunzi kusiya kutsuka, chifukwa litsiro limaphimba tizilombo ngati bulangeti. Kolorini nayenso akathiridwa pa matope amatha mphamvu asanafike pa tizilombo. Tikuphunzirapo zinthu ziwiri. Choyamba, kutsuka kumayamba, kupha tizilombo kumatsatira. Chachiwiri, litsiro loopsa limabisala m'ming'alu.

5. ZIWIYA ZA KUKHITCHINI NDI ZA MWANA

Miphika, mbale, makapu ndi masupuni zikwechedwe ndi sopo kapena phulusa, makamaka m'mphepete, pa zogwirira ndi m'malo opindika. Kenaka ziviikidwe m'madzi owira, ndipo ziyanikidwe pa thandala padzuwa. Musazipukute ndi nsalu.

Mthiko, chipande, lichero ndi mbale za pulasitiki zong'aluka zimene zinamira m'madzi ndi zovuta kuyeretsa, chifukwa mtengo ndi nsungwi zimamwa madzi. Zong'aluka zitayeni. Zolimba muziwiritse ndi kuziumitsa padzuwa masiku angapo. Mtondo ndi munsi zitsukidwe ndi madzi otentha ndipo ziume bwino musanasinjiremo.

Botolo loyamwitsira mwana limene linamira litayidwe pamodzi ndi nsonga yake. Botolo lili ndi khosi lopapatiza ndi mizere momwe dzanja silifika, ndipo ichi ndicho chifukwa chake nthawi zonse timakulangizani kumwetsa mwana ndi kapu ndi supuni. Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi apatsidwe bere lokha, osati madzi kapena phala. Pa nthawi ya madzi osefukira palibe chakudya chotetezeka kuposa mkaka wa m'mawere. Ngakhale mayi ali ndi nkhawa kapena akudya mosakwanira, apitirize kuyamwitsa, pakuti mwana akamayamwa kawirikawiri mkaka umabwera.

6. CHAKUDYA CHONYOWA

Apa ndi pamene mtima umawawa, chifukwa chakudya ndi thukuta la chaka chonse. Komabe ufa, mpunga, nyemba, usipa, mchere ndi shuga zimene zinamira m'madzi osefukira zisadyedwe. Zikwiriridwe.

Chimanga cha m'nkhokwe kapena m'matumba chimene sichinamire koma chagwira chinyontho chitulutsidwe tsiku lomwelo, chiyanikidwe pa mphasa kapena pa lona, osati padothi, ndipo chisankhidwe. Chimanga ndi mtedza zikachita chuku zimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo amathandizira kuti mwana apinimbire. Poizoniyu satha ndi kutsuka, kukazinga kapena kuphika. Njere zosintha mtundu, zowola ndi zonunkha chuku musazigayitse, musaphikire phala la mwana, ndipo musasinjire nsinjiro.

7. ZOGONERA, ZOVALA NDI NETI

Zovala, matewera, nsalu ndi mabulangeti zichapidwe ndi sopo m'madzi oyera, makamaka otentha, ndipo ziyanikidwe pa chingwe mpaka ziumiretu. Mphasa ndi mikeka zikwechedwe mbali zonse ndi kuimikidwa padzuwa. Matiresi a siponji amamwa madzi onyansa mpaka mkati. Ngati simungathe kuwataya, achapeni ndi sopo, afinyeni, muwathire madzi a kolorini, ndipo muwayanike masiku angapo mukuwatembenuza. Ngati fungo likadalipo, mwana asagonepo.

Neti ichapidwe mosamala ndi sopo wamba, popanda Jik, ndipo iyanikidwe pamthunzi kuti mankhwala ake asathe. Ipachikidwe usiku woyamba womwe, pakuti udzudzu umaswana m'zithaphwi zotsala, ndipo malungo amachuluka patapita masabata ochepa. Kwirirani zithaphwi zapafupi ndi nyumba, ndipo letsani ana kusewera m'madzi oima.

8. MADZI AKUMWA NDI CHIMBUDZI

Chitsime chimene madzi osefukira analowamo chaipitsidwa, ngakhale madzi ake ayerenso. Uzani komiti ya madzi ndi alangizi a zaumoyo kuti chikapidwe ndi kuthiridwa mankhwala. Pa nyengo imeneyi madzi onse akumwa, ngakhale a pa mjigo kapena pa mpopi, atetezedwe. Ngati ndi amatope, adikheni ndi kuwasefa pa nsalu yoyera. Kenaka awiritseni mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena thiranimo kolorini pa muyezo wake ndi kudikira mphindi 30 musanamwe. Ndowa kapena mtsuko zitsukidwe kaye, zikhale zovundikira, ndipo potunga pakhale kapu yakeyake.

Ngati chimbudzi chagwa, dzenje lake likwiriridwe kuti mwana asagweremo, ndipo banja likumbe china msanga, pamalo otsika kuposa chitsime ndi otalikira mamita 30 kapena kuposa. Chimbudzi cha mwana wakhanda chili ndi tizilombo mofanana ndi cha wamkulu, choncho chitayidwe m'dzenje. Sambani m'manja ndi sopo mukachoka kuchimbudzi, mukasintha thewera, musanaphike ndi musanadyetse mwana.

9. BUKU LA MWANA NDI MANKHWALA

Buku la sikelo likanyowa musalitaye. Tsekulani masamba ake pang'onopang'ono, muike mapepala ouma pakati, ndipo muliyanike pamthunzi podutsa mphepo. Bwerani nalo ngakhale lafufutika, kuti tione katemera amene mwana analandira. Ngati linapita ndi madzi, bweranibe ndi mwana pa tsiku lake. Mankhwala onyowa asamwedwe. Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV kapena a chifuwa chachikulu, fikani kuchipatala msanga kuti musadumphitse.

10. MWANA AKADWALA

Mwana akayamba kutsekula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa ndi kumumwetsa pang'onopang'ono. Otsala atayidwe pakatha maola 24. Pitirizani kuyamwitsa ndi kudyetsa, ndipo kuchipatala adzakupatsani mapiritsi a zinki. Thamangirani kuchipatala, usana kapena usiku, mukaona chimodzi mwa izi: chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, magazi m'chimbudzi, kusanza chilichonse, maso olowa, kulephera kuyamwa kapena kumwa, kulefuka, kupuma mofulumira, kutentha thupi kapena kukomoka. Kolera angathe kupha mwana m'maola ochepa, choncho musadikire kuti kuche. Mumwetseni ORS muli pa njira.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Chifukwa chiyani tiyenera kutsuka ndi sopo tisanathire kolorini?
2. Ndi ziwiya ziti za m'nyumba mwanu zimene zili ndi ming'alu yobisa litsiro?
3. Kodi chimanga cha chuku chikaphikidwa chimakhala bwino kudyetsa mwana?
4. Mvula isanayambe chaka chino, buku la mwana, mankhwala ndi ufa mudzazisunga pati?

Mukafika kumudzi, kafotokozereni bambo a kunyumba, apongozi ndi anzanu amene sanabwere ku sikelo lero, pakuti ntchito imeneyi si ya mayi yekha.