LAMULO LA KUMASULA LAMYA ZA M'MANJA KU AMEREKA

M'dziko la Amereka makampani ambiri anali kugulitsa lamya za m'manja pa mtengo wotsika, koma wogula anali kupangana nao kuti adzakhala pa kampani yomweyo zaka ziwiri. Lamyazo anali kuzikhoma m'kati, kotero kuti munthu akaikamo kakhadi ka kampani yina, lamya inali kukana. Ndico cifukwa cace lamya zina zotumizidwa ndi abale okhala kunja zimakana makhadi a kuno.

Lamulo la 1998 linaletsa kuthyola zokhomera zotere, koma mkuru wa Library of Congress anapatsidwa mphamvu ya kupereka cilolezo nthawi ndi nthawi. M'zaka za 2006 ndi 2010 analola kumasula lamya. M'caka ca 2012 anasintha maganizo, ndipo kuyambira pa 26 January 2013 wogula lamya yatsopano sanaloledwe kuimasula kampani isanabvomere.

Anthu oposa 114,000 analemba maina ao pa kalata yodandaulira Boma. Nyumba ya Malamulo inamva dandaulo lao, ndipo pa 1 August 2014 Pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo lolola munthu kumasula lamya yace, kapena kupempha wina amthandize, kuti apite ku kampani imene afuna.

Koma lamuloli silinafafanize ngongole. Amene anapangana zaka ziwiri anayenerabe kusunga pangano lace. Cinthu cogulidwa ndi ca mwini wace, koma wanzeru amayamba wawerenga pangano asanapereke ndrama.