Disiki ya seva ikamadzaza, chenjezo lifike liti?

Kuyambira mu 2007, bungwe la Partners In Health, lomwe kuno limadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito ndi zipatala za m'boma la Neno, kuphatikizapo cha ku Nsambe. Mbiri ya odwala ambiri, makamaka olandira ma ARV, imasungidwa m'pulogalamu ya OpenMRS yomwe imadalira MySQL. Mawa makina otere adzapatsidwa kwa ife amene tikuphunzira za makompyuta. Disiki yake ikadzaza, MySQL imasiya kulemba, ndipo namwino amatsala ndi mzere wa anthu pakhomo.

Kawirikawiri seva siikhala kompyuta yapayokha. Imakhala virtual machine, kutanthauza kompyuta yokhala m'kati mwa inzake kudzera mu VirtualBox, VMware kapena Proxmox. Msampha uli pamenepa. Tikalemba df -h m'kati mwake, ikhoza kutiuza kuti malo alipo ambiri, pomwe disiki yeniyeni ya kompyuta yoiberekayo yatsala pang'ono kudzaza. Zimatero ngati tinalonjeza ma virtual machine malo oposa amene alipodi, kapena ngati tinaiwala kufufuta ma snapshot akale, omwe amakula mwakachetechete. Choncho tiziyang'ana konsekonse, kwa mwana ndi kwa mayi womubereka.

Mapulogalamu olondera monga Zabbix ndi Nagios amatichenjeza disiki ikafika pa mlingo winawake, ndipo ambiri amangoika 80 kapena 90 peresenti n'kuiwalako. Ifeyo tikuona kuti peresenti payokha imanamiza. Tiyerekeze disiki ya 100 GB. Pa 90 peresenti patsala 10 GB, ndipo ngati ma log ndi ma backup akudya 2 GB patsiku, tatsala ndi masiku asanu. Pa disiki ya 2 TB, peresenti yomweyo ndi 200 GB, miyezi itatu yathunthu, ndipo foni yongolira pachabe anthu amaizolowera.

Funso loyenera n'lakuti: katswiri angafike pa makinawo m'masiku angati? Aliyense amene anakwerapo mapiri a ku Nsambe mu Januwale akudziwa zimene mvula imachita ndi msewu. Ngati ulendo ungachedwe sabata, chenjezo loyamba lilire kudakali masabata awiri. Lipite pa SMS kwa anthu awiri, chifukwa imelo imadikira intaneti. Tikamaliza kulitchera tiliyese: tipange fayilo yaikulu ndi lamulo la fallocate, tidikire foni ilire, kenako tiifufute.