Kukacheza ku Venice ndi Wachibale Waulumali

Mzinda wa Venice ku Italy unamangidwa pa tizilumba toposa 100, ndipo timalumikizidwa ndi milatho pafupifupi 400. Yambiri mwa milathoyi ndi ya masitepe, okwera mbali ino n'kutsika mbali inayo, kuti mabwato azidutsa kunsi. Galimoto zimathera pa Piazzale Roma. Banja lomwe lili ndi munthu woyenda pa njinga ya aulumali, agogo oyendera ndodo kapena munthu wosaona bwino likamva zimenezi limangoti kumeneko n'kosapitika. Komatu n'kopitika, bola ulendo muukonze potsata madzi: pomwe ena akuwoloka pa mlatho, inu muzikwera boti. Khonsolo ya mzindawu imati mukamayenda motere, pafupifupi 70 peresenti ya dera lakale la mzinda ndi yofikika.

Musananyamuke

Uzani kampani ya ndege za wodwala kapena waulumali wanu pasanatsale maola 48 kuti munyamuke. Lamulo la mayiko a European Union limati chithandizo cha pabwalo la ndege n'chaulere, ndipo zipangizo ziwiri zoyendera zimanyamulidwa osalipira. Ngati njinga ndi yamagetsi, auzeninso mtundu wa batire, komanso gulani adaputa chifukwa masoketi a ku Italy salola pulagi ya mano atatu yomwe timaidziwa ku Malawi ndi ku Britain.

Ngati mukubwera pa sitima ya pamtunda, lembetsani ku ofesi ya Sala Blu, yomwe imathandiza anthu aulumali kukwera ndi kutsika. Tsikirani pa Venezia Santa Lucia, osati pa Venezia Mestre, chifukwa Mestre ndi kumtunda, musanafike ku mzinda wa pamadzi. Tenganinso kalata ya adokotala kapena chiphaso chosonyeza ulumali. Malo ambiri osungirako zinthu zakale salipiritsa munthu waulumali pamodzi ndi womuperekeza, koma amafuna umboni.

Malo ogona

Apa ndi pomwe ulendo umakomera kapena kuwawira. Hotela ikhoza kulengeza kuti ili ndi chipinda cha aulumali, chonsecho pakati pa hotelayo ndi pokwerera boti pali milatho iwiri. Choncho alembereni mafunso awa ndipo akuyankheni molemba. Kodi kuchokera pokwerera boti mpaka pakhomo panu pali mlatho? Pakhomo pali masitepe angati? Chikepe chilipo, nanga chitseko chake n'chachikulu bwanji? Kodi kubafa njinga imalowa? Yezani njinga yanu m'lifupi ndi tepi n'kuwatumizira muyezowo, chifukwa nyumba zambiri n'zakale ndipo zikepe zake n'zopanikiza. Makomo ambiri ali ndi chiundo chokwera chotchingira madzi, ndiye pemphani chithunzi cha khomo lenilenilo.

Kuyenda pa boti

Maboti a anthu onse, omwe eni ake amawatcha vaporetto, amayendetsedwa ndi kampani ya ACTV. Nambala 1 imayenda pang'onopang'ono mu Canal Grande, ngalande yaikulu yodutsa pakati pa mzinda, ndipo imaima pafupifupi paliponse. Nambala 2 ndi yachangu. Maboti awiriwa ndi aakulu, pansi pake n'pathyathyathya, ndipo amanyamula njinga zingapo. Maboti a nambala 4.1, 4.2, 5.1 ndi 5.2, omwe amazungulira kunja kwa mzinda, ndi aang'ono ndipo amalola njinga imodzi pa ulendo. Munthu wa pa njinga amagula tikiti yotsika mtengo kwambiri, yogwira ntchito mphindi 75, ndipo womuperekeza salipira.

Pokwerera boti ndi poyandama, motero pamagwedezeka mafunde akamawomba. Imani kutsogolo pomwe wantchito womanga chingwe akuoneni. Dikirani amange boti, anthu atsike, kenako iye akuthandizeni kudutsa mpata wa pakati pa boti ndi pokwererapo. Samalani timawilo takutsogolo, chifukwa n'timene timakodwa pampatapo. Mukalowa mangani mabuleki, ndipo woperekeza asachotse dzanja pa njinga boti likamakocheza, poti limagunda mwamphamvu ndithu.

Milatho

Canal Grande ili ndi milatho inayi: Rialto, Accademia, Scalzi ndi Costituzione. Yonse ndi ya masitepe. Wa Costituzione, womwe unatsegulidwa mu 2008 pakati pa Piazzale Roma ndi siteshoni ya sitima, umaoneka wosavuta koma musanyengeke nawo. Kachikepe ka aulumali komwe anaikapo kankavutavuta mpaka kanachotsedwa. Kwerani boti, ndi siteji imodzi yokha.

Milatho ina ya m'mbali mwa nyanja, ku Riva degli Schiavoni ndi ku Zattere, imaikidwa njira zotsetsereka. Zina n'zongoyembekezera, ndiye onani mapu a njira zopanda zopinga omwe khonsolo imaika pa intaneti. Mapuwa amayambira pokwerera boti n'kukusonyezani pomwe mungafike osakumana ndi sitepe.

Woperekeza munthu wosaona aziyenda mbali ya kumadzi, chifukwa ngalande zambiri zilibe zotchinga. Masitepe otsikira m'madzi amakhala ndi ndere zoterera, musapondepo. Kwa woona pang'ono, mwala woyera womwe uli m'mphepete mwa masitepe a milatho yambiri umathandiza kudziwa poponda.

Madzi akasefukira

Kuyambira Okutobala mpaka Januwale nyanja imakonda kukwera n'kulowa m'misewu. Pa 12 Novembala 2019 madzi anafika masentimita 187 pa muyezo wa mzindawu. Kuyambira 2020 zitseko za m'nyanja zotchedwa MOSE zimatchinga madzi aakulu, komabe bwalo la San Marco, lomwe ndi lotsika kwambiri, limanyowa madzi akangokwera pang'ono. Zikatero amayala timilatho tamatabwa topapatiza toti anthu aziyendapo, ndipo njinga siingakwerepo. Madziwa amatsika pakapita maola ochepa, choncho onani zolosera za ofesi ya Centro Maree m'mawa uliwonse n'kusintha nthawi yotulukira. Ngati mungathe kusankha, pitani mu Epulo, Meyi kapena Seputembala.

Zoti mukaone

Bwalo la San Marco n'lathyathyathya ndipo limafikika kuchokera pa boti. Nyumba yachifumu ya Palazzo Ducale ili ndi chikepe, koma kundende zake zakale ndi ku mlatho wa Ponte dei Sospiri kuli masitepe opanikiza. Ena akapita kumeneko, mmodzi atsale ndi waulumaliyo m'zipinda zikuluzikulu. Tsiku lomwe thupi latopa, pitani ku chilumba cha Lido, komwe kuli misewu yosalala ndi mabasi.

Tsiku lililonse sankhani dera limodzi kapena awiri, ndipo tulukani m'mawa anthu asanadzaze maboti. Koposa zonse, mwini ulumaliyo ndiye asankhe zokaona komanso nthawi yopuma. Musanamunyamule kapena kukankha njinga yake, ngakhale pa sitepe imodzi, yambani mwamufunsa mmene akufunira kuthandizidwa.