CAKA COLIZA LIPENGA NDI NGONGOLE YA DZIKO LATHU

Werengani: Levitiko 25 ndi Nehemiya 5:1-13

Munthu aliyense wa kumudzi adziwa kulemera kwa ngongole. Wokongola thumba la cimanga m'mwezi wa njala abweza awiri pokolola, ndipo caka cinaco njala imfikira msanga. Maiko naonso akongola, koma obweza ndiwo anthu wamba amene sanaione ndalamayo. Tiyeni tiphunzire za mlandu umenewu, ndi cimene anthu a m'mipingo anacitapo.

1. Lamulo la kale

Mwa Mose, Mulungu analamula Aisrayeli kuti caka ca makumi asanu ciri conse alize lipenga m'dziko lonse. M'caka cimeneco munda wogulitsidwa cifukwa ca umphawi unabwerera kwa mwini wace, ndipo wogwidwa ukapolo anamuka kwao. M'masiku a Nehemiya lamulolo linaiwalika. Osauka anapereka minda yao cikole kuti apeze cakudya ndi ndalama za msonkho. Taonani kuti oyamba kupfuula sanali akulu, koma anthu wamba pamodzi ndi akazi ao. Pakumva mfuu yao, Nehemiya anaitana msonkhano waukulu, ndipo olemera anabweza mindayo.

2. M'mene ngongole yathu inakulira

Polandira ufulu m'caka ca 1964, Zambia anadalira mkuwa. Mu 1973 mtengo wa mafuta a galimoto unakwera pa dziko lonse lapansi, ndipo pofika 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Nkhondo za ku Rhodesia, Angola ndi Mozambique zinatseka njira zathu za ku nyanja. Inu a ku Chadiza mukumbukila othawa nkhondo a ku Mozambique amene munawalandira m'midzi yanu m'zaka za m'ma 1980. Tsono Boma linakongola kunja, ndipo ciongola dzanja cinakula caka ndi caka.

Okongoletsa akulu, ndiwo IMF ndi World Bank, anati Boma licepetse ndalama zothandizira anthu. Mu Disembala 1986 mtengo wa ufa utakwera, anthu a ku migodi anacita cipolowe ndipo ena anafa. M'zaka za m'ma 1990 feteleza anakwera mtengo, ndipo odwala anayamba kulipira pa cipatala. Zaka zina Boma linatumiza kwa okongoletsa ndalama zoposa zimene linapereka ku zipatala zonse za m'dziko. Mai wosowa ndalama anakhala ndi mwana wodwala m'nyumba, nalipira motero ngongole imene sanakongole.

3. Mfuu ya anthu wamba

Pamenepo Akristu a ku Britain anakumbukila Levitiko 25, nayambitsa gulu lochedwa Jubilee 2000, lopempha kuti ngongole zosatheka kubweza za maiko osauka zifafanizidwe pofika caka ca 2000. Mu Meyi 1998 anthu ngati 70,000 anagwirana manja m'mseu ku Birmingham, kumene atsogoleri a maiko olemera anasonkhana. Caka comweco mabungwe atatu a mipingo ya m'Zambia, la Akatolika, la Christian Council ndi la Evangelical Fellowship, analemba kalata imodzi ya pempho lomwelo. Nchitoyo inayendetsedwa ndi Jesuit Centre for Theological Reflection ku Lusaka. Mapepala anayenda m'mipingo ya m'mizinda ndi ya m'midzi, ndipo a Zambia oposa 300,000 analembapo maina ao. Pa dziko lonse lapansi maina anaposa mamiliyoni 20.

Wina akanati, dzina langa ine mlimi wa nsawa licitenji kwa akulu a ku Washington? Koma makolo anati, mutu umodzi susenza denga. Maina atacuruka, akulu aja sanathe kutseka makutu.

4. Zipatso zace

Yankho linacedwa, pakuti caka ca 2000 cinapita ngongole yambiri iri cikhalire. Anthu sanaleke. Mu Epulo 2005 Zambia anatsiriza zimene okongoletsa anafuna, ndipo mu Julaye atsogoleri a maiko olemera, atasonkhana ku Gleneagles m'dziko la Scotland, anabvomera kufafaniza zambiri zotsala. Ngongole ya kunja inali madola ngati 7 biliyoni, ndipo mu 2006 inatsika kufikira pansi pa 1 biliyoni. Mu Epulo 2006 Boma la Pulezidenti Levy Mwanawasa linacotsa malipiro pa zipatala za m'maboma a kumidzi, monga lathu lino.

5. Cenjezo

Koma nkhokwe yosalonda ilowa mbewa. Patapita zaka zowerengeka Boma linakongolanso zambiri, kwa amalonda a ku Ulaya ndi America, ndi ku China. Mu Novembala 2020 Zambia analephera kulipira ciongola dzanja pa nthawi yace, ndipo anakambirana ndi okongoletsa zaka zoposa zitatu kuti amcepetsere katundu. Tiphunzirapo kuti sikukwanira kupfuulira mlendo wokongoletsa. Tiyenera kufunsanso mwana wa pakhomo wokongola.

Njira yofunsira iripo. Lamulo la mu 2022 liti Nyumba ya Malamulo ibvomereze zimene Boma lifuna kukongola caka ciri conse, ndipo m'nyumbamo muli phungu wanu. Caka comweco ndalama za citukuko za CDF zinakwera kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Zofuna za anthu ziyambira ku komiti ya citukuko ya m'wadi. Cifukwa cace, inu akulu a mpingo, acigwirizano ndi anyamata, pitani ku misonkhano imeneyo. Funsani mwaulemu ndi mosaopa kuti zinabwera zingati, ndipo zinagula ciani.

Mafunso okambirana

1. Pa Nehemiya 5, ndani anayamba kudandaula, ndipo Nehemiya anacitanji?
2. Kodi m'mudzi mwathu muli wogwira munda wa mnzace cikole? Mpingo ucitepo ciani?
3. Ndani pakati pathu adzapita ku msonkhano wa komiti ya m'wadi, nadzatiuza zimene wamva?