Zitsulo za M'nthaka Yathu

Mukamayenda m'mapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi mudzaona kuti dothi la m'minda yambiri ndi lofiira. Dothi limeneli timalitcha katondo. Kodi mukudziŵa chimene chimalifiiritsa? Ndi chitsulo. Khasu likagona pamvula limachita dzimbiri. Nachonso chitsulo cha m'miyala chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimachita dzimbiri, ndipo miyalayo ikafumbutuka, dothi lake limakhala lofiira.

Dziko lapansi lili ndi khungwa la miyala monga momwe mtengo ulili ndi khungwa lake. Phiri la Kongwe, phiri la Ntchisi, minda ndi madambo, zonsezi ndi mbali ya khungwalo. Akatswiri adapima miyala ya m'maiko ambiri napeza kuti mwa zitsulo zonse, chochuluka koposa ndi aluminiyamu, chitsulo chopepuka chija amapangira mapoto ndi ndege. Pa makilogalamu 100 alionse a miyala, pafupifupi makilogalamu 8 ndi aluminiyamu. Chachiŵiri ndi chitsulo chosulira makasu, chimene chimakwana pafupifupi makilogalamu 5. Mkuwa ndi wochepa zedi, pafupifupi magalamu 6 okha. Nanga golide? Kuti munthu apeze galamu imodzi ya golide m'miyala wamba, ayenera kuphwanya matani oposa 200.

Ngati zitsulo zili paliponse, bwanji sitikumba mgodi m'munda uliwonse? Chifukwa chake ndi chakuti zitsulozo zidasakanikirana ndi miyala monga mchere m'ndiwo, kotero kuzilekanitsa ndi ntchito yodula. Mgodi umakumbidwa pokhapo pamene chitsulo chidaunjikana chambiri malo amodzi. Miyala ya malo otereŵa timaitcha mtapo. Mtapo wa golide udapezeka ku Johannesburg m'chaka cha 1886, ndipo pambuyo pake amuna ambiri a dziko lino ankapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi. Mtapo wa mkuwa uli ku Kitwe m'dziko la Zambia. Kuno ku Malaŵi, mtapo wa aluminiyamu udapezeka pamwamba pa phiri la Mulanje m'chaka cha 1924, koma kuchotsamo chitsulocho kumalira magetsi ambiri.

Makolo athu adaudziŵa kale mtapo wa chitsulo. Zaka zoposa 1,500 zapitazo anthu a dziko lino anali atayamba kale kuusungunula. Iwo ankaumba ng'anjo yadothi, n'kuthiramo mtapo ndi makala mosanjikiza, kenaka n'kusonkha moto waukali. Moto ukazima, ankatulutsamo mbulu wa chitsulo. Osula ankatenthanso mbuluwo, akukoleza moto ndi mvukuto, mpaka atasula makasu, nkhwangwa, mipeni ndi mikondo. Zotsalira za ng'anjo zotere zikuonekabe m'nkhalango ya nyama ya Kasungu.

Golide ndi wamtengo wapatali chifukwa ndi wosoŵa, koma palibe amene adalimapo munda ndi khasu lagolide. Chitsulo chimene chimatidyetsa chaka ndi chaka ndi chomwechi chimene tikupondapo.

Mafunso

1. Kodi n'chiyani chimene chimafiiritsa katondo?
2. Tchulani zitsulo ziŵiri zochuluka koposa m'khungwa la dziko lapansi.
3. N'chifukwa chiyani sitikumba mgodi m'munda uliwonse?
4. Fotokozani momwe makolo athu ankapezera chitsulo.
5. Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: dzimbiri, mtapo, ng'anjo, mvukuto.

Zochita

Ikani msomali m'chitini muli madzi pang'ono. Pakapita masiku atatu, yerekezani mtundu wa msomaliwo ndi mtundu wa katondo. Lembani zimene mwaona m'makope mwanu.