WOSUNGA ANA A ENI AYENERA KUPHUNZITSIDWA

Dziko la Mfumu Chifunda liri m'cigwa ca Luangwa, m'boma la Chama, kum'mawa kwa Zambia. Eni ace ndiwo Asenga, alimi a mpunga ndi cimanga. Ndipo patsidya pa mtsinje pali nkhalango ya nyama yochedwa North Luangwa. Mwana wa kumeneko asanayambe sukulu adziwa kale kuti pa dooko pali ng'ona, ndi kuti njobvu ya mwana saiyandikira. Pakuti akuru amuuza zimenezi mosabisa. Koma ciripo coopsya cina cimene ambiri acita manyazi kucichula, ndico munthu wamkuru amene mwana amkhulupirira, namcitira mwanayo coipa.

Masiku ano ana akhala m'manja mwa anthu ambiri osati abale ao: aphunzitsi, alonda a pasukulu, anamwino, aphunzitsi a Sande Sukulu, otsogolera kwaya, ophunzitsa mpira, ndi anchito a mabungwe amene adza kudzathandiza m'midzi. Ambiri mwa iwo ali ndi mtima wabwino, koma mtima wabwino pa wokha sukwanira. Mlonda wa nyama samtumiza kuthengo asanaphunzire nchito yace. Nanga wosunga ana a eni angayambe bwanji nchito wosaphunzitsidwa?

Coipaci si cacing'ono. M'caka ca 2014 Boma la Zambia linafunsa anyamata ndi atsikana m'dziko lonse za ubwana wao. Ndipo kunapezeka kuti mtsikana mmodzi mwa 5, ndi mnyamata mmodzi mwa 10, anacitidwa cipongwe ca dama asanakwane zaka 18.

I. MLANDU WA KU LUSAKA

Mlandu umene unatsegula maso a ambiri unacitika kutari ndi cigwa, mu mzinda wa Lusaka. Koma phunziro lace likhudza sukulu iri yonse. M'caka ca 2006 mphunzitsi wina anaitana mtsikana wa zaka 13 kunyumba kwace, kuti akatenge mapepala a mayeso, ndipo anamgwirira komweko. Pozengedwa mlandu kunaoneka kuti mkuru wa sukulu anadziwa kale kuti mphunzitsiyo anacita zotere ndi mwana wina, koma sanamcotse pakati pa ana. M'caka ca 2008 woweruza Philip Musonda wa ku Bwalo Lalikuru anagamula kuti mtsikanayo alipidwe K45,000,000 ya ndalama za nthawi ija, nauza a Unduna wa Maphunziro kuti aike malamulo oteteza ana a sukulu.

Pa mlanduwu wocimwa sanali mmodzi. Wina anacita coipa, wina anadziwa nakhala cete. Ndipo kukhala cete kwace kunapereka mwana waciwiri m'manja mwa woipayo.

II. ZIMENE MALAMULO ANENA

Zambia inabvomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana m'caka ca 1991. Lamulo la maphunziro la 2011 ndilo limene liletsa kukwapula ana m'sukulu. M'caka ca 2022 kunaikidwa lamulo lalikuru la ana, dzina lace Children's Code Act. Ndipo lilamula kuti bungwe liri lonse logwira nchito ndi ana likhale ndi dongosolo lace lakuwateteza. M'caka ca 2023 lamulo la ukwati linakonzedwa, kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ukhale wopanda mphamvu, ngakhale ukhale wa pa mwambo. Ndipo iye wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 akhala m'ndende zaka zosacepera 15, ngakhale anene kuti mwanayo anabvomera.

Koma lamulo lolembedwa ku Lusaka siliyenda lokha kufika ku Chifunda. Lifika pamene mphunzitsi, mkuru wa mpingo ndi nyakwawa alidziwa ndi kulisunga.

III. ZINTHU ZINAI ZOYENERA KUPHUNZIRA

1. Kusankha wanchito. Munthu asapatsidwe ana cifukwa ca nkhope yace yofatsa, kapena cifukwa ali mbale wa mkuru wina. Afunsidwe kumene anacokera, ndi cifukwa cimene anacokerako. Ndipo amene anagwira naye nchito kale acitire umboni za makhalidwe ace. Wocita coipa pa sukulu imodzi asatumizidwe ku sukulu yina mwakacetecete, pakuti kutero ndiko kusamutsa fisi kumka naye ku khola lina.

2. Kusunga malire. Wanchito asakhale yekha ndi mwana m'nyumba yotseka. Asatume mwana wa sukulu kukasesa, kukaphika kapena kukatunga madzi kunyumba kwace. Asapatse mwana mmodzi ndalama, sopo kapena foni m'seri. Pakuti woipa kawiri kawiri ayamba ndi mphatso zazing'ono ndi mau akuti asauze munthu. Pa ulendo wa kwaya kapena wa mpira pakhale akuru awiri, ndi mai woyang'anira atsikana. Malire awa ateteza mwana, natetezanso wanchito wolungama ku mabodza.

3. Kuzindikira zizindikiro. Mwana wozunzidwa sanena msanga ndi pakamwa. Wina aleka kusewera ndi anzace. Wina ajomba ku sukulu, kapena aopa munthu mmodzi popanda cifukwa cooneka. Wina ali ndi mabala amene safuna kuwafotokoza, kapena anena za akuru zosayenera msinkhu wace. Cizindikiro cimodzi si umboni, koma ciyenera kutsegula maso a womsunga.

4. Kumva ndi kunena. Mwana akayamba kuulula, womumva akhale pansi modekha, asamkalipire, asamfunse mafunso ambiri, ndipo asamlonjeze kuti adzabisa nkhaniyo. Amuuze kuti wacita bwino kunena, ndi kuti kucimwa sikuli kwace. Alembe mau a mwanayo monga anawanena, pamodzi ndi tsiku lace. Napite nayo nkhaniyo tsiku lomwelo kwa munthu amene bungwe linamsankha. Asaitane wonenedwayo kuti atsutsane ndi mwana pamaso pa anthu. Kufufuza ndiyo nchito ya apolisi a Victim Support Unit ndi a ofesi yoona za umoyo wa anthu pa boma la Chama. Nambala ya foni 116 ndiyo ya ana, ndipo aiimba kwaulere. Mwana wogwiriridwa afike ku cipatala asanathe maora 72, ndiwo masiku atatu, pakuti mankhwala oletsa kacirombo ka HIV agwira nchito m'nthawi imeneyo yokha.

IV. CIFUKWA CACE CIGWA CISOWA MAPHUNZIRO AWA KOPOSA

Ku Chifunda boma liri kutari, ndipo m'dzinja mitsinje ikadzala, misewu ya m'cigwa ibvuta kuyendamo. Cotero mwana wosautsidwa afika poyamba kwa mphunzitsi, namwino kapena mai wa mpingo. Ndipo cimene iwo acita pa tsiku loyambalo ndico cidzaongola mlandu kapena kuupha.

Bvuto lina ndi lakuti m'mudzi onse adziwana. Akale anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndipo wocita coipa akakhala malume, kapena mphunzitsi amene mudzi unamdikira zaka zambiri, anthu afuna kutha nkhani m'nyumba ndi mbuzi, thumba la mpunga kapena ndalama. Koma mlandu wotere suli wa cipepeso. Mbuzi idyedwa ndi akuru, bala litsala mwa mwana, ndipo woipayo aphunzira kuti mtengo wa mwana ndi mbuzi imodzi.

Cifukwa cace bungwe liri lonse lisonkhanitse anchito ace kamodzi pa caka, kuyambira wamkuru kufikira mlonda wa usiku, nawerenge pamodzi malamulo ao, aliyense nalembe dzina lace pansi pace. Ana naonso auzidwe m'cinenero cao dzina la munthu amene angapite kwa iye, monga auzidwa za ng'ona ya pa dooko.

MAFUNSO

1. Mkuru wa sukulu wa pa mlandu wa ku Lusaka anacimwa motani?
2. Cifukwa ninji womva nkhani ya mwana sayenera kulonjeza kuti adzaibisa?
3. Kodi mwana wogwiriridwa ayenera kufika ku cipatala asanathe maora angati?
4. Pa sukulu kapena pa mpingo wa kwanu, mwana wosautsidwa angapite kwa yani? Kodi ana amdziwa dzina lace?