Kodi ndimange nyumba ya pulasitiki m'dimba langa?

FUNSO

Alangizi,

Ndine mayi wa ana asanu, ndimakhala m'dera la Mfumu Yaikulu Kabudula, kufupi ndi Nsaru. Ndili ndi dimba kudambo lomwe anandisiyira mayi anga. Bambo a kunyumba amafesamo fodya mu Seputembala, ine ndimalimamo ndiwo zamasamba mvula ikangotha.

Vuto langa ndi tomato. Chaka chatha ndinawokera mu Meyi ndipo anakula bwino, koma pofika Juni ndi Julayi maluwa ankangoyoyoka. M'mawa wina ndinapeza mizere ya kumunsi masamba onse atapsa ngati wina wawathira madzi otentha. Wopulumukayo anadzabereka tomato ali mbwee pamsika, ndinangogulitsa motaya. Repu ndi tanaposi zimachita bwino, koma aliyense kuno ali nazo.

Mwana wanga amene ali ku Joni wanditumizira kandalama. Akuti ndimange girinihausi, nyumba ya pulasitiki ija, poti kumene akugwira ntchito amalimamo tomato chaka chonse. Bambo ake akuti ayi, tigule pampu. Chitsime chathu chimaphwa mu Okutobala. Ndimvere ndani?

Mayi wa ku Nsaru

YANKHO

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambe ndi yankho lenileni: chaka chino musamange nyumbayo, ndipo pampu nayonso ibayembekeza. Ndalamayo iyambe yapita kuchitsime. Pampu siibala madzi, imangofulumizitsa kutha kwa amene alipo, ndipo nyumba ya pulasitiki yopanda madzi odalirika ndi ndalama yotaya.

Zimene zinaonekera tomato wanu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuyoyoka kwa maluwa kumachitika usiku ukamazizira kutsika madigiri 13, chifukwa mungu sugwira bwino. Kuno ku chigwa cha Lilongwe, chomwe chili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,100, usiku wa Juni ndi Julayi umatsika kufika madigiri 10 ngakhale kuchepera apo. Kupsa kwa masamba ndiye chisanu chenicheni. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho usiku wopanda mitambo ndi mphepo umatsetsereka n'kukaunjikana pansi pa dambo. N'chifukwa chake mizere ya kumunsi inapsa, ya kumtunda n'kupulumuka.

Mwana wanu sakunama. Kungoti Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo kumeneko usiku wa Juni ndi Julayi madzi amatha kuundana m'chidebe. Mlimi wa kumeneko alibe kuchitira mwina koma kubisa mbewu zake. Chisanu chathu n'chofatsa, ndipo kwa ndiwo zambiri ndi nyengo yabwino koposa pachaka. Kabichi, repu, tanaposi, chayinizi, karoti, nsawawa ndi anyezi zimakonda kuzizira, matenda a masamba amachepa poti kulibe mvula, ndipo madzi sauma msanga pabedi. Zimene zimadana ndi chisanu ndi tomato, therere, mabiringano, nkhaka ndi maungu.

Ndiye konzani dimba lanu motsata kutsetsereka kwake. Kumunsi, komwe kuli chinyontho ndi kuzizira, kuike kabichi, repu ndi tanaposi. Kumtunda, m'mphepete mwa dambo, ndiye kwa tomato. Kumene nthaka idakali yonyowa kwambiri mu Epulo pangani mabedi okwera, koma kumtunda kouma pangani mabedi olowa pansi kuti madzi othirira asathawe. Bedi likhale la mita imodzi m'lifupi kuti muzipalira osapondapo. Mpanda wa udzu umathandiza kutchinga mwera, koma mbali ya kumunsi musautseke kwambiri, apo ayi mpweya wozizira udzasowa kotulukira n'kugona pa mbewu zanu. Kumwamba kukayera mbee madzulo, mphepo kuli zii, fundikani mbande ndi udzu wopyapyala kapena masaka, m'mawa n'kuvundukula. Muzithirira m'mawa, chifukwa nthaka yonyowa imasunga kutentha kwa dzuwa n'kukutulutsa usiku. Pa chifukwa chomwecho, udzu wophimbira nthaka usachuluke pa tomato mu Juni ndi Julayi. Muwonjezere mu Ogasiti kukayamba kutentha.

Tomato wanu analakwa mwezi, osati malo okha. Wowokera mu Meyi amachita maluwa pakatikati pa chisanu. Pali nthawi ziwiri zomwe zingakuthandizeni. Yoyamba ndi kufesa mu Febuluwale, kuwokera mu Malichi pamalo okwera osadikha madzi, kuti agwire zipatso mu Epulo ndi Meyi kusanazizire. Yachiwiri ndi kufesa kumapeto kwa Ogasiti, kuwokera kumapeto kwa Seputembala, n'kuyamba kuthyola mu Disembala pamene madimba ambiri atha ndipo mtengo wayamba kukwera. Mbande zimakhala panazale masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo mitundu yodziwika monga Tanya ndi Tengeru imayamba kupsa pakatha miyezi iwiri ndi theka kapena itatu chiwokerereni. Mukuona nokha kuti nthawi yachiwiriyi ikudutsa mu Okutobala, mwezi umene chitsime chanu chimaphwa. Amene ali ndi madzi mwezi umenewo ndi amene amagulitsa pamtengo wabwino. Choncho chitsimecho chikumbidwe mozama nthawi yomwe madzi atsikitsitsa, mu Okutobala kapena Novembala, chimangidwe ndi njerwa kuti chisagumuke, ndipo chivundikiridwe poteteza ana ndi ziweto. Madzi akapezeka okwanira, pamenepo ganizo la bambo lija lilowe: pampu yopalasa ndi miyendo kapena yoyendera dzuwa, malinga ndi thumba lanu.

Pali mfundo ina m'kalata yanu yomwe simunaifunse koma ndi yaikulu. Mwati bambo amafesa fodya m'dimba lomwelo. Fodya, tomato, mbatatesi, tsabola ndi mabiringano ndi banja limodzi, ndipo zimapatsirana matenda. Tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totupitsa mizu, matenda ofotetsa mbewu idakali yobiriwira, ndi matenda opiringiza ndi kuwangitsa masamba, zonsezi zimachoka pa fodya kupita pa tomato. Gawanani dimbalo. Pomwe panali nazale ya fodya pasabzalidwe tomato kwa zaka zitatu. Paikidwe anyezi, kabichi kapena chimanga chachiwisi. Wosuta fodya kapena amene wachokera kuchigafa asambe m'manja ndi sopo asanagwire tomato.

Tsopano za nyumba ya pulasitiki. Pepala lopanda chotenthetsera m'kati limagwira kutentha masana, koma usiku limasunga pang'ono chabe. Lingatchinge chisanu chopepuka, koma silingasandutse Julayi kukhala Okutobala. Ndiye kukatentha, mu Seputembala ndi Okutobala, m'kati mumapitirira madigiri 35 ngati mbali zake zilibe neti yopitisa mphepo, ndipo maluwa amayoyokanso. Phindu lenileni la nyumbayi kwathu kuno lili m'dzinja. Kuyambira Januwale mpaka Malichi mvula imabweretsa chiwawu, tomato wa panja amaola, ndipo pamsika amasowa. Amene ali ndi denga lotchinga mvula miyezi imeneyo ndiye amadyerera. Izi zikutanthauzanso kuti nyumbayo siingamangidwe m'dambo momwe mumadzaza madzi m'dzinja. Malo ake ndi kumtunda.

Walira mvula walira matope. Nyumba ya mamita 8 m'lifupi ndi 15 m'litali imalowa tomato pafupifupi 300. Kukatentha, mtengo uliwonse wobereka umamwa malita awiri patsiku, kutanthauza malita 600, kapena zigubu 30 za malita 20, tsiku lililonse, ngakhale kunja kukugwa mvula. Pamafunika thanki ndi timapaipi todontheza madzi. Pepala lake ndi lapadera, lopirira dzuwa, lomwe limatha zaka zitatu kapena zinayi. Pepala wamba lofolerera nyumba limang'ambika chaka chisanathe. Zipangizozi zambiri zimachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera kwambiri. Mbewu yake ndi ya haibulidi yokwera chingwe, yofuna kuphata mphukira sabata iliyonse ndi kugwedeza zingwe kuti mungu ugwire poti m'kati mulibe mphepo. Matenda a m'nthaka akalowa, simungainyamule nyumbayo kupita nayo pena. Nyumba zikuluzikulu zimene mumaziona ku Lumbadzi, pafupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu, zisakupusitseni: ulimi wotere umayenda pomwe pali madzi a chaka chonse, anthu ophunzitsidwa ndi ogula okhazikika.

Ngati mukufuna kuyesa, yambani ndi kakang'ono. Pindani nsungwi pamwamba pa bedi la nazale, muyalepo neti kapena kapepala, m'mbali mosatseka masana. Mbande zanu zidzatetezeka ku chisanu, ku mvula yamphamvu ya Febuluwale ndi ku tizilombo, ndipo zotsala mungagulitse kwa anzanu a madimba.

Tizilombo tomwe muyenera kuyang'anira ndi todziwika. Pa tomato pali mbozi ya Tuta absoluta, yochokera ku South America, yomwe inafalikira m'maiko a kuno cha m'ma 2016. Imaboola m'kati mwa tsamba ndi chipatso. Yenderani mbewu kawiri pasabata, thotholani masamba ogwidwa n'kuwakwirira, ndipo mukamaliza kukolola zulani mitengo yonse osaisiya m'dimba. Kukatentha kumabwera akangaude ofiira kunsi kwa masamba. Pa kabichi ndi repu pali nsabwe ndi timbozi tobiriwira toboola masamba, zomwe madzi a nimu kapena ombwe osakaniza ndi sopo pang'ono amachepetsa mukayamba msanga. Mankhwala a m'sitolo gulani kwa ogulitsa ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board, a m'botolo lake lolembedwa, osati opungulira m'timabotolo pamsika. Mankhwala a fodya kapena thonje asapite pa ndiwo, ndipo dikirani masiku olembedwa pabotolo musanathyole.

Pa za repu wochuluka pamsika, mankhwala ake ndi kusafesa zonse tsiku limodzi. Fesani kabedi kamodzi masabata awiri kapena atatu aliwonse kuyambira Malichi, kuti muzithyola pang'onopang'ono mpaka Seputembala. Sakanizani ndi zimene anzanu sakulima: karoti, nsawawa, ndi anyezi wofiira wa Red Creole amene mukafesa mu Malichi kapena Epulo n'kumuumitsa bwino amasungika miyezi ingapo podikira mtengo. Musanafese, dziwani wogula. Misika ya Nsaru, Kabudula, Nambuma, Msundwe ndi Namitete imadzaza nthawi imodzi, koma alimi asanu kapena khumi mukaphatikiza katundu mungalipire galimoto imodzi yopita ku Wakawaka kapena ku Msungwi mumzinda, kapena kupangana ndi sukulu zogonera komweko ndi malo odyera.

Pitani ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu, mlangizi adzaone dimbalo ndi chitsime musanalipire wokumba. Mwana wanuyo muuzeni kuti nyumba yake simunaikane. Lembani m'kope zonse zogula ndi zogulitsa kwa zaka ziwiri. Chitsime chikadutsa Okutobala kawiri osaphwa, ndipo mukapeza wogula amene akufuna tomato sabata iliyonse m'dzinja, nyumbayo mudzaimange kumtunda, ndi ndalama yochokera m'dimba lomwelo.

Mlangizi wa zaulimi